Chitseko cha Kuchipinda Chositira

Achemwali, 09:12
iwe, zoona wawaneneza alamu ako pa miting'i ya ku hotelako? pamaso pa anthu onse?

Chitsiriza, 09:20
sindinawaneneze achemwali. manejala watsopanoyu anati antchito ndife oyamba, aliyense anene zomwe mabwana akulakwitsa, palibe achotsedwe ntchito. ine ndangonena za chitseko

Achemwali, 09:21
chitseko chanji??

Chitsiriza, 09:24
chakumbuyo kwa chipinda chositira. alamu monga supavaiza amachikhoma ndi loko. mkatimo muli ngati mu uvuni. dzulo mnzanga wina woyembekezera anakomoka ayironi ili m'manja

Achemwali, 09:25
nde sukanabwera kunyumba kudzawauza?

Chitsiriza, 09:25
ndinawauza. anandiseka

Achemwali alowetsa Alamu pagulu

Achemwali, 09:31
kambiranani pompano plz, mutu ukundiwawa

Alamu, 10:02
Alamu, ntchito imeneyo ndinakupezerani ndine. Lero mwandivula pagulu.

Chitsiriza, 10:05
sindinaiwale alamu, ndimathokoza. koma munthu anagwa mukuona

Alamu, 10:06
Manejala akutifuna tonse awiri ku ofesi 2 koloko.

Achemwali, 10:07
🎤 mawu 0:38
"Mng'ono wanga, ndagwira mwendo wako. Ukangonena kuti unalankhula ndi mkwiyo basi. Mabwanawa amatero pakamwa, mawa atembenuka. Bambo a ana akachotsedwa, ine ndiloza kuti?"

Achemwali, 10:40
wamvera?

Achemwali, 11:15
ndikuona kuti uli online

Chitsiriza, 12:03
ndamvera. ndinali pa shifiti. bodza sindikanena achemwali, sorry

Alamu, 12:10
Mukuyesa loko ndinagula ndine? Achiwiri kwa manejala ndiwo analamula, akuti matawulo amatulukira khomo limenelo.

Chitsiriza, 12:11
nde mukanene zimenezo! inunso muli ndi bwana, mwayi wolankhulawu ndi wanunso

Alamu, 12:13
Inu simuwadziwa anthu aja. Manejala amabwera n'kupita, iwo amatsala.

Chitsiriza, 12:14
nanga mnzanga uja akanapita padera, akanatsala ndi mlandu ndani? iwo kapena inu?

Chitsiriza, 12:30
alamu?

Achemwali, 13:52
Mulungu akhale nanu nonse awiri. ndikudikira kuno

Achemwali, 14:35
zili bwanji

Achemwali, 15:10
wina andiyankhe abale

Achemwali, 15:11
📞 foni sinayankhidwe

Chitsiriza, 15:46
tatuluka. ine ndabwereza zomwe ndinanena. kenako alamu anawatchula achiwiri aja, eni ake ali pompo

Achemwali, 15:46
mayo ine. ntchito??

Chitsiriza, 15:49
ilipo. awachenjeza chifukwa sanakanene msanga. loko wachotsedwa, manejala anapita okha kukatsegula. koma mmene achiwiri aja anawayang'anira alamu potuluka, eee

Chitsiriza, 15:51
alamu, mwalankhula ngati munthu wamkulu lero. zikomo

Alamu atuluka pagulu

Chitsiriza, 15:58
achemwali?

Achemwali, 17:20
afika. angokhala pakhonde nsapato osavula

Chitsiriza, 17:21
ndibwere ndidzawaone?

Achemwali, 17:34
ayi. ndipo loweruka ku birthday ya mwana usabwere kaye

Chitsiriza, 17:36
ndamva. diresi lake ndasita kale, ndimpatsire ndani?