Ndili Pakati

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Croydon, mu London muno, kwayamba kuzizira. Kumudzi akuti chimanga chachita bwino m'munda mwanu mwa kudambo, ndipo mkazi wa achimwene anga, a Yosefe, wabereka mtsikana. Amutcha dzina lanu.

Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli gogo wina wachizungu, a Doris, mutu unasokonekera. Iwo akadali m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, ali kamtsikana, mabomba akugwa mu London. Nthawi imeneyo dziko la Amereka linkati nkhondoyo si yawo, n'kudzalowa bambo a Doris atafa kale. Ndiye m'mawa uliwonse ndikamawasambitsa amandigwira dzanja: "Kodi Amereka alowa?" Ndimati alowa. Amandiyang'anitsitsa, n'kuti, "Achedwa." Amayi, mawu amenewa amalasa ine.

Paja mutadwala, a Yosefe ankati mupite kumapemphero kuphiri, mng'ono wanga Esnati akuti kuchipatala. Anakokana miyezi itatu. Ine wosamalira odwalane, wodziwa kuti chifuwa cha magazi sichidikira, ndinaopa kudana ndi achimwene. Ndinatumiza mawu pafoni: "Musandilowetsemo, ine ndili pakati." Ndinadzalowerera mutasiya kale kudya, ndipo posakhalitsa munatisiya.

Mwezi wathawu ndi pomwe Esnati wandiululira kuti makutu anu ovuta aja anamva zina. Munamva kuti ndili ndi pakati. Akuti munalulutira muli gone pamphasa, n'kuletsa aliyense kundivutitsa ndi za matenda anu, Esnatiyo n'kusowa mtima wokuuzani zoona. Wanditumizira kachipewa koluka kamene anakapeza pansi pa pilo wanu, kosamaliza, singano zili momwemo. Mayo ine! M'mimba mwangamu munalibe mwana, Amayi, munali mantha okhaokha. Kachipewako ndimayenda nako m'thumba la yunifomu, ndimangokafinya mu tramu, sitima yamumsewu yopita kuntchito.

Tsopano Esnati wayamba kutsokomola chimodzimodzi, ndipo poti akukhala pakhomo pa a Yosefe, za kuphiri zayambiranso. Inu munkati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dzulo ndinawaimbira achimwenewo, n'kuwauza mosapsatira mawu kuti Lolemba Esnati akaonekere kuchipatala, akafuna andide. Anandidulira foni. Ndiimbanso, ndipo akakanika ndikwera ndege.

Lero a Doris afunsanso. Ndati, "Alowa, gogo, ulendo uno alowa msanga." Angondisiya dzanja.

Ndimakukondani, Amayi. Esnati simumuona msanga kumeneko, ndalumbira. Pakati ndachokapo.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike