Tadula Malegeni Anu, Bambo a Monika

LEVISON CHIKADZA
1957 – 2021

Lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni, bambo a Monika. Ana akuti nthawi yathamanga. Kwa ine sinathamange ayi, yangokhala ngati nkhungu ya Julaye, yomwe imatsika m'phiri la Dedza n'kudzakhala pakhomo pathu osaodira. M'mawa wotere ndikamasesa pabwalo ndimamva kathalakitala kanu kakutsokomola kuseri kwa mitengo ya paini, ndipo ndimaima ndi tsache m'manja kudikira kuti chipewa chanu chaubweya chija chitulukire. Amene amatulukira ndi Monika, mwana wathu woyamba, atakhala chopendekeka pampando monga munkakhalira inu.

Kathalakitala kameneka munakagula katakalamba kale, koma munkakasamala ngati mwana wakhanda. Ine ndinkakatcha mkazi mnzanga, chifukwa m'mawa munkayamba mwakapukuta iko musanandifunse ine kuti ndadzuka bwanji. Ndikanena zimenezi munkaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Mukamaphunzitsa Monika kuyendetsa munkamuuza kuti makina sakhumudwitsa munthu mwadzidzidzi, amayamba adandaula kaye, ndipo chiwongolero chikayamba kulira munthu aziima. Mawu amenewa ndinkawamva ndili kukhitchini, n'kumati ndi zanu za anthu a makina, ine sizikundikhudza.

Mukukumbuka nyengo yomaliza ija yokumba kachewere? Paipi ya chiwongolero inayamba kudontha mafuta, ofiira ngati madzi a chidede. Munandifotokozera kuti paipi imeneyo ndiyo imanyamula mafuta opepukitsa chiwongolero, kuti popanda iyo kukhota kumafuna mphamvu za amuna awiri. Nthawi yopita ku boma munalibe, mbatata zinali zitadzaza m'munda. Munang'amba chubu cha njinga, n'kudula malegeni ataliatali, n'kugona chagada pansi pa thalakitala. Ine ndinakugwirirani beseni. Munakulunga, kukulunga, mukuimba chapansipansi nyimbo ya kwaya yomwe simunkaidziwa bwino mawu ake, ndipo pomaliza munakoka mfundo ndi mano. Mwezi womwewo usanathe chifuwa chinakugwetsani, tinapita nanu kuchipatala, ndipo kunyumba munabwerera m'bokosi.

Zovala zanu abale anagawana monga mwa mwambo. Njinga inapita kwa mphwanu. Chimene chinatsala ndi ine, chomwe manja anu anachigwira komaliza muli ndi mphamvu zanu zonse, inali mfundo ya malegeni ija. Ndinalamula kuti wina asaikhudze. Popita kukatenga nkhuni ndinkadzera dala kushedi, n'kuwerama, n'kuikhudza ndi chala. Zipsera za mano anu zinkaoneka pamphirapo. Musaseke, bambo a Monika, mukudziwa kuti ine ndikagwira chinthu sinditaya msanga.

Themba simunamuone. Ndi mkamwini wanu, anakwatira Monika patapita chaka inu kulibe, ndipo anadzamanga nyumba kumtunda kwa khola. Amagwira ntchito yocheka matabwa kunkhalango, makina amawadziwa. Atangoona malegeni aja anabwera kudzanjuta pakhomo panga, akupikisa manja, n'kunena mwaulemu kuti paipi yonyamula mafuta othamanga chotero siimangidwa ndi mphira. Ndinamuyankha kuti amene anamanga pamenepo anayamba kuyendetsa thalakitala iye asanamere mano. Mwana wa eni anangoti zikomo n'kubwerera chambuyo. Mkamwini angakangane bwanji ndi apongozi ake pa katundu wa malemu? Kuyambira tsiku limenelo iye ankangothiramo mafuta m'mawa uliwonse, mafutawo n'kumathera pansi, ine n'kumati zinthu zili bwino.

Mwezi wathawu Monika ankatsitsa ngolo yodzaza matumba a kachewere kuchokera kumunda wa kumtunda. Mukuidziwa khona ija ya pamwamba pa chigwembe, pomwe munkachepetsa moto n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda. Ndamva pambuyo pake kuti chiwongolero chinali chitayamba kale kulira, koma mwanayo sanandiuze, poti yankho langa ankalidziwa. Ine ndinali pamwamba, ndikutola mbatata zotsalira m'mizere. Nkhungu inali itaphimba chigwa chonse, thalakitala ikuoneka ngati ikuyandama. Ndinaiona ikufika pakhona, ndipo sinakhote. Ndinaona Monika ataimirira, akukoka chiwongolero ndi manja onse awiri, thupi lonse litapendekeka. Sindinamve phokoso lililonse, ngakhale kukuwa kwanga komwe. Matumba anayamba kugubuduka limodzilimodzi, mbatata zikumwazika n'kumalowa m'nkhungumo. Chimene chinaimitsa tayala lakutsogolo ndi chitsa cha paini, chimodzi chokha, m'mphepete mwenimweni.

Mmene ndinkafika, mwana wanu anali atakhala paudzu, mafuta ofiira ali thotho m'miyendo, manja onse atagwira pamimba. Anandiyang'ana. Umu ndi mmene ndinadziwira kuti tikuyembekezera mdzukulu.

Anthu atatithandiza kukokera thalakitala kunyumba, ndinalowa m'khitchini n'kutenga mpeni wosendera mbatata. Sindinatume munthu. Ndinagona chagada pamalo pomwe munagona inu, n'kudula mfundo ija ndekha. Chikomekome cha mkuyu ndithu: kunja malegeni anali chikhalire, koma m'kati paipi inali itafumbwa, itang'ambika kutalika ngati chikhatho changa. Ndipo pansi pa mphirayo, bambo inu, ndinapeza chiyani? Chidutswa cha nsalu yanga ya Amayi a Chikatolika, ija inasowa pachingwe, ija ndinakangana nayo ndi achemwali anu a Victoria mpaka kusalankhulana milungu ingapo. Kani munaing'amba ndinu, n'kumandithandiza kuifunafuna nkhope ili gwa! Ndinaseka ndili chigonere pansipo, misozi ikulowa m'makutu.

Ndikutuluka, ndinapeza Themba ataima ndi paipi yatsopano m'manja, mitu yake yachitsulo ikung'anima. Anali atayeza yakaleyo ndi chingwe kalekale, n'kukapangitsa ina ku boma, n'kuibisa kudenga la nyumba yake kudikira tsiku lomwe ndidzalole. Sanandikumbutse mawu anga aja ngakhale pang'ono. Anamasula yakaleyo ndi masipanala awiri, ina yogwira ina yopotokola, anapukuta polumikizira ponse, n'kumanga yatsopano moidutsitsa kutali ndi chitsulo chomwe chinkaipekesa. Atathira mafuta anakweza matayala akutsogolo ndi jeke, analiza injini, kenako anandipempha kuti ndikwere ndizipotokola chiwongolero uku ndi uku mpaka kumapeto, kuti mpweya wotsekeredwa m'mapaipi utuluke.

Zaka zonse zija sindinakhalepo pampando wanu. Ndinakwera. Poyamba chiwongolero chinali cholimba, chikubuula, chikunjenjemera m'manja mwanga. Ndinapotokola kumanzere, kumanja, kumanzere, Themba akuonjezera mafuta pang'onopang'ono. Kenako kubuula kuja kunatha, ndipo chinayamba kuyenda chokha, chopepuka, ngati pali wina kumbuyo kwanga amene wagwirizira manja ake pamwamba pa anga. Nkhungu inali ikubwerera kuphiri. Pamenepo m'pamene ndinakumbuka zimene munanena tsiku lija mukutuluka pansi pa thalakitala, mukupukuta manja pa thalauza, zakuti malegeniwo ndi ongotifikitsa Loweruka, mukagula paipi ina tikagulitsa mbatata. Inu munamanga za masiku ochepa, ine ndinazisunga zaka zinayi, ndipo zikanandidyera mwana ndi mdzukulu tsiku limodzi.

Tikukusowani, bambo a Monika. Mwana wathu Yohana ku Lilongwe akaimba foni amafunsabe za thalakitala asanafunse za ine, magazi anu enieni. A Victoria ndawapepesa za nsalu ija, ndipo akuti mukanakhalapo akanakukokani khutu. Akwaya anzanu amasiyabe malo anu kumapeto kwa benchi. Monika sanena zambiri, koma ndimamumva akuimba nyimbo yanu ija akamatsuka injini, mawu ake n'kumalakwitsa momwe munkalakwitsira inu.

Mawa kuli Misa yanu, ndipo tikatuluka tidzabwera kumanda ndi maluwa. Msewu wake ndi womwewo wodzera pakhona ya pachigwembe. Themba anati tizungulire njira yakumunsi wapansi, koma Monika wakana, akuti ayendetsa yekha, chifukwa akapanda kudutsapo tsopano sadzadutsaponso. Wandifunsa ngati ndikwere nawo m'ngolo. Ndamuuza kuti ndikwera, ndipo ndikhala kutsogolo kwenikweni, pomwe akacheuka azindiona.

Gonani mumtendere wa Ambuye. Malinga tikupuma, dzina lanu silidzazilala pakhomo pano.

Ine mkazi wanu Bernadetta, pamodzi ndi Monika, Themba, Yohana, a Victoria ndi banja lonse.