Uvuni Wanga Uli Kunja kwa Dziko

Lolemba, 8 Meyi 1995

Uvuni watha. Njerwa zootcha, chitseko cha mgolo, utsi ukukwera bwinobwino. Zaka zonsezi kuphikira ansembe buledi ku Bembeke, lero wangawanga. Ndaumanga kwawo kwa akazi anga Anastazia, tsidya la msewu wa tala womwe ndi malire a Malawi ndi Mozambiki, komwe abale awo abwerera nkhondo ya ku Mozambiki itatha. Malo aulere, nkhuni zosayamba. Mtima uli m'malo.

Lachisanu, 12 Meyi

Kwabwera munthu wa boma la Mozambiki pa njinga yamoto. Wauzungulira uvuni, wauyamikira, kenaka wafunsa mapepala. Ati ndatsegula bizinesi kunja kwa dziko. Kunja kuti? Nkhuku za apongozi zimakadya ku Malawi n'kudzagona ku Mozambiki. Tambala wa amayi anga ndimamumva ndili pompano. Ine ndinkayesa kuti apongozi akakulozera malo, nkhani yatha.

Ati popanda laisensi moto usayake, ndipo Juni akatha uvuni adzaugwetsa. Fulawa ndagula kale.

Lachiwiri, 16 Meyi

Kuofesi ku Vila Ulongwe. Kalaliki anayamba ndi Chipwitikizi, ine osatolapo kanthu. Kenaka anandizindikira. Kani ndi Timoteyo, yemwe tinkaimba naye kwaya ali wothawa nkhondo! Basi Chichewa chokhachokha.

Mlendo ngati ine afunika pasipoti, chilolezo chokhalira m'dzikomo chochokera ku Tete, chikalata cha azaumoyo, zithunzi, zidindo pamwamba pa zidindo. Kudikira kwake mpaka mvula, mwina kupitirira. “Koma mayi aja ndi nzika,” anatero. “Lembetsani m'dzina lawo, inu mukhale mwamuna wongothandiza pakhomo.”

Lachitatu, 17 Meyi

Chakudya sichinalowe. Anastazia ndimawakhulupirira, koma imfa siuza munthu. Atati atsogole iwo? Pepala m'dzina lawo, dothi la kwawo. Mkamwini amangonyamula kathumba kake n'kumapita. Uvuni sunyamulika. Ndili ndi mantha, ndipo sindinawauze.

Lamulungu, 28 Meyi

Kani Anastazia anaona kalekale. Mayi amenewa sadziwa kuwerenga buku, koma nkhope yanga amaimaliza ndisanakhale pansi. Titabwera ku Misa ndinapeza mphasa zayalidwa. Aitanitsa amalume awo a Yeremiya, mwini mbumba, pamodzi ndi ankhoswe anga ochokera ku Bembeke. Alongo ake a Anastazia onse analipo.

A Yeremiya sanachulukitse mawu. “Pepala ndi la boma, dothi ndi lathu, uvuni ndi wa mkamwini wathuyu Gervazio. Wofuna kudzamuchotsa pano adzayambe wandifukula ine kumanda.” Onse anaomba m'manja. Ine maso pansi, misozi ili lengelenge. Ndakondwa, ndinene zoona. Mawa tikalembetsa.

Lachinayi, 15 Juni

Laisensi yatuluka. Anastazia anadinda ndi chala, inkiyo sakufuna kuisamba, akuionetsa mudzi wonse. Azaumoyo anati pakhale chimbudzi chatsopano ndi posambira m'manja. Ndakumba, msana ukudandaula. Walira mvula walira matope. Msonkho tizikapereka mu metikasi, pomwe ogula ambiri amabwera ndi makwacha. Tiona m'tsogolo momwemo.

Loweruka, 17 Juni

Chifunga, chisanu cholowa m'mafupa. Moto wayaka, mwalamulo. Buledi woyamba watha dzuwa lisanakwere. Kondakitala wa minibasi ya ku Chimbiya watenga mabanzi thireyi yonse, ndipo a Yeremiya alawa limodzi n'kuika awiri m'thumba la jekete. Sindinaone kanthu ine.

Mtanda wachiwiri ukufufuma. Ndati ndikhale pansi ndilembeko pang'ono, koma eni bizinesi akuitana panja. Ati wantchito wokhalira kulemba nthawi ya ntchito sanamuonepo chibadwire. Ati za malipiro anga tidzakambirana akadzaona khalidwe langa. Akulephera ngakhale kumaliza mawu chifukwa cha kuseka.

Ndikubwera, abwana, ndingo