Kugogoda kwa Pakona ya Kumpoto

Loweruka, 8 Febuluwale

Tapambana 4–2 pa hoke ya pa ayezi. Ziwiri wagoletsa ndi wosewera nambala 19, ndiye kuti wafika pa zigoli 32 chaka chino. Mlongo wanga Masaru anasiyira pa 34, ndipo palibe wa timu ino amene anadutsapo.

Ndalengeza monga mwa nthawi zonse. "Chigoli, nambala 19, Oikawa." Mawu ozizira, ngati ndikuwerenga nthawi za basi. Bwalo lonse zii. Anthu zikwi ziwiri manja ali m'matumba a majekete, mayi Narasaki, mkulu wa ochemerera, ng'oma ili pamiyendo osaikhudza. Akagoletsa wina aliyense denga limachita kunjenjemera. Akagoletsa ameneyu umamva makina oziziritsa ayezi akulira pansi. Zaka zitatu tsopano zili choncho.

Koma pa chigoli chachiwiri panamveka china. Ndodo ya hoke ikugogoda matabwa a mpanda. Katatu mofulumira, kenako kamodzi. Chakukona ya kumpoto. Ndinasuzumira pagalasi, osewera onse anali pakati pa bwalo.

Mwina ndi mapaipi.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Chifunga chochokera kunyanja tsiku lonse, ngakhale nyumba ya aneba osaoneka. Ndayatsa lubani pa kaguwa kokumbukirapo Masaru m'nyumba muno, ndamuikira mpunga watsopano. Pa 24 mwezi uno zikwana zaka zisanu ndi zinayi chimwalirireni.

Ndimadziuza kuti ndinaiwala. Bodza. Nthawi imeneyo 19 anali ndi zaka 22, akusewera timu ya alendo. Anamugunda Masaru ndi phewa pakona ija, mutu n'kumenya mpanda. Masaru anadzuka akuseka, anamaliza masewero, n'kudzadya mbale ziwiri za soba, chakudya chonga supageti, pano. Tsiku lachitatu sanadzuke. Magazi m'mutu, anatero adokotala. Oyimbira anati kugundako kunali kololedwa. Ine ndinaonera m'kachipinda kanga kolengezera, maikolofoni ili pakamwa, ndipo ndikudziwa kuti kunali kololedwa. Kudziwako sikunandithandize kanthu.

Kenako mabwana a timu anakamutenga yemweyo kuti azisewera kwathu.

Masaru ankagogoda choncho pachitseko changa akabwera kudzadya. Katatu, kenako kamodzi.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndawafunsa a Kasamatsu, osamalira ayezi pabwalo, za mapaipi. Ndinawapeza akuthira madzi otentha m'galimoto yawo yosalazira ayezi.

"Akumpotowo tinasintha chaka chatha, Fumie-san. Ngati akugogoda ndiye kuti ali ndi ulemu kuposa osewera, amene amangolowa muofesi mwanga ngati m'chimbudzi."

Anaseka okha. Kenako anatseka mpopi n'kundifunsa kuti ndamva chiyani kwenikweni. Ndinawauza.

Akuti iwo ndi amene amamaliza kusalaza ayezi, n'kukiya. M'mawa amatsegulanso okha. Koma pakona ija amapezapo mzere umodzi wa nsapato yotsetserekera pa ayezi, wokhota, ngati munthu wabwera mothamanga n'kuima. Mzere wopanda kochokera. Ndinafunsa kuti zinayamba liti. Akuti tsiku la chigoli cha 30.

"Simunauze aliyense?"

"Ndiuze ndani? Andipumitse ntchito ati nkhalamba yazungulira mutu?"

Ndikutuluka anandiitananso. Anati mnyamata uja, Oikawa, tamuzunza mokwanira. Kumzinda waukulu ngati Sapporo bwenzi chithunzi chake chili pamabasi, kuno ngakhale wogulitsa nsomba samuyankha moni. Mkazi wake anatopa, anabwerera kwawo ndi mwana.

"Tsiku lake loyamba lija anthu anadikira inu, Fumie-san. Amafuna amve mmene mutchulire dzina lake. Atamva, anadziwa chochita."

Ndinati ine ndimawerenga zolembedwa papepala. Anati, "Eya, eya," n'kuliza galimoto.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Sindinapite kubwalo. Ndawauza kuti chimfine.

Loweruka, 15 Febuluwale

Tagonja 2–3.

Kutatsala mphindi zinayi, 19 anawapita onse. Goloboyi wawo anagwa chagada, golo pululu. Ngakhale ine ndikanagoletsa ndi tsache. Ndiye kugogoda kuja, katatu ndi kamodzi. 19 sanamenye. Anatembenuza ndodo n'kupereka kampira kukona ya kumpoto. Kunalibe munthu.

Kampira kanatsetsereka bwinobwino, koma sikanafike pampanda. Kanaima. Osati kuchepa liwiro pang'onopang'ono ayi, kuima, monga kamaimira munthu akakalandira ndi ndodo. Kanakhala pamenepo mpaka wa timu ina anakakatenga, ndipo nayenso ndinaona kuti anazengereza.

Wina kumipando yapamwamba anakuwa kuti wapenga. Ambiri anaseka. Kanali koyamba bwalo limutulutsire mawu.

M'khonde ndinakumana ndi mayi Narasaki. Anandigwira mkono. "Mwaona, Fumie-san? Ngakhale dzanja lake likudziwa kuti 34 ili ndi mwini wake." Amadikira kuti ndimwetulire. Ndinamwetulira.

Tatsala ndi masewero awiri. Tikapanda kupambana onse, chaka chathera pomwepa.

Lamulungu, 16 Febuluwale

1–0. Chigoli cha 33, koma changozi, kampira kanangomugunda mwendo n'kulowa. Sanakweze manja. Anaima chilili akuyang'ana kumpoto, kudikira.

Kugogoda kunabwera. Ndipo ulendo uno ndinaona mutu wa mayi Narasaki ukutembenukira komweko. Ena angaponso. Palibe anayang'ana mnzake.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Masana ndikudya m'kachipinda kanga, wina anagogoda. Kawiri, mwaulemu.

Anali Oikawa. Zaka zitatu timangodutsana m'khonde, iye kuwerama, ine kuyang'ana khoma. Ukamuyandikira ndi wamng'ono kuposa mmene amaonekera pa ayezi. Imvi m'mbali mwa makutu, pa zaka 31. Maso ofiira. Anandiitana ndi dzina la banja lathu.

"Pepani kukusokonezani, Tatewaki-san. Ndili ndi funso limodzi basi. Mumamva?"

Ndikanatha kunamizira kusadziwa. Ndinati ndimamva.

Anatsamira pachitseko. Anati amaganiza kuti ndi mutu wake. Anapita mpaka kuchipatala, anamuunika, sanapeze kanthu. Pa ayezi munthu akagogoda ndodo ndiye kuti akupempha kampira, ndipo thupi limapereka mutu usanaganize. Loweruka lija anaona bwinobwino kuti kukona kulibe munthu, koma manja anapereka okha.

"Masaru akufuna ndisadutse zigoli zake. Ndamva. Ndauza akochi kuti Loweruka ndisasewere, ndati bondo. Chaka chikatha ndichoka. Ndimafuna mudziwe kuti sindinabwere kuno kudzamulanda kanthu."

Ndinafunsa kuti nanga anabwereranji, matimu onse ali m'dziko muno.

Anati ali mwana, chithunzi chimene anamata pamwamba pa bedi lake chinali cha Masaru. Tsiku limene anamugunda linali loyamba kusewera naye bwalo limodzi, ndipo anafuna kuti amuone. Atamva kuti timu yathu ikufooka, anaganiza kuti akaigoletsera zigoli mwina... Sanamalize. Anati kukhala chete kwa anthu sikumuvuta, anakuzolowera, nthawi zina amaona ngati n'koyenera. Koma kugogodaku ayi.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinati, "Masaru akafuna kampira ankagogoda kawiri. Katatu ndi kamodzi kanali ka mnzake akagoletsa. Kunena kuti wachita bwino."

Anandiyang'ana. "Zoona?"

"Ndamuonera kuyambira ali ndi zaka zisanu. Ukundifunsa zoona?"

Anawerama mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda tebulo, n'kutuluka.

Chakudya sindinamalize. Zakawirizo ndi zoona. Zinazo sindikudziwa. Ndayesa kukumbukira Masaru akugogoda choncho pa ayezi, chimene chikubwera ndi chitseko changa chokha.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Ndatsitsa katoni ya matepi akale a masewero a Masaru. Makina oonera anafa kalekale. Ndangokhala nawo pamiyendo.

Ndinamufunsa Masaru pa kaguwa kuti, iwe, ukufuna chiyani? Utsi wa lubani unangokwera chowongoka. Pachithunzi akuseka ndi dzino lake loguluka lija, ngati wandibisira chinthu.

Lachisanu, 21 Febuluwale

A Kasamatsu akuti mzere wa lero sunathere pakona. Unadutsa m'mbali mwa mpanda mpaka pansi pa galasi langa, n'kuima pamenepo. Ananditengera kuti ndikaone. Ndinakana. Kenako ndinapita.

Ulipo. Mwendo wamanzere ukukanda kwambiri kuposa wamanja. Masaru ankatero.

Dzina la Oikawa lili pa mndandanda wa mawa.

Loweruka, 22 Febuluwale

Bwalo linadzaza mpaka ena kuima. Kunja chifunga, mkati namonso kautsi koyera kanayala pamwamba pa ayezi, a Kasamatsu akuti ndi mpweya wa anthu ochuluka.

Chigawo chachiwiri, tili kumbuyo 0–1. Oikawa analanda kampira pakati, anapita yekha, anamenya m'mwamba kudzanja lamanja. 34.

Zii uja. Anthu zikwi ziwiri, ndipo ndinadziwa kuti sakungokhala chete monga kale. Amamvetsera. Mitu yambiri inali itapendekera kumpoto. Oikawa naye anaima, ndodo ili m'manja.

Ndinayatsa maikolofoni. Papepala panali zomwe zija. Ndinamva mawu anga akutuluka mmene ndinkaitanira Masaru, kukoka dzina mpaka mpweya kutha. "Chigoli cha makumi atatu ndi zinayi, nambala 19, Oikawaaa Shingooo."

Mawuwo anazungulira denga n'kubwerera. Kenako nkhope zonse zinatembenukira kwa ine. Sindinaonepo zotero. Anthu amene ndimawadziwa, wa ku positi, aphunzitsi anga akale, wogulitsa nsomba, onse kundiyang'ana pagalasi osaphethira, ngati ndavula pamaliro.

Kukona kunalibe kanthu. Ndinadikira. Palibe.

Amene anayamba ndi a Kasamatsu, kumenya chitseko cha galimoto yawo ndi sipanala. Kenako osewera anzake, ndodo pa ayezi. Kumipando anaomba m'manja mwina anthu makumi atatu, mwamanyazi, ena n'kusiya msanga. Mayi Narasaki anaimirira, anakulunga ng'oma m'nsalu yake, n'kutuluka pang'onopang'ono. Anawatsatira ambiri ndithu.

Chigawo chachitatu anagoletsanso. 35. Tapambana 2–1. Oomba m'manja anachulukirapo, sindinganene kuti theka. Ndinalengeza, kenako ndinavula zam'makutu n'kumata khutu pagalasi ngati chitsiru. M'phokoso lonselo ndimafuna kamawu kamodzi. Sikanabwere.

Ndafika kunyumba ndakhala pakhomo ndi jekete. Zaka zisanu ndi zinayi Masaru anali chete, wabwera milungu iwiri, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndamuthamangitsa. Kapena wamva zimene amafuna. Sindikudziwa, ndipo palibe woti ndimufunse.

Lamulungu, 23 Febuluwale

Ayezi ali mbee, akutero a Kasamatsu pafoni. Palibe mzere.

Pa geti wina wasiya sikafu ya timu, yakale ija ya nambala ya Masaru, yopindidwa bwino. Popanda kalata. Ndikuidziwa, ndi ya mayi Narasaki. Kaya akundibwezera, kaya akundipatsa.

Lolemba, 24 Febuluwale

Wansembe anabwera m'mawa, anawerenga mapemphero, anamwa tiyi, anapita. Chaka chilichonse ochemerera amabwera gulu. Lero anabwera anayi.

Cha m'ma 2 koloko ndikuchotsa chipale chofewa pakhomo, ndinaona munthu ataima kutsidya kwa msewu, m'chifunga, suti yakuda. Sanasunthe. Nditayang'anitsitsa ndinazindikira kuti ndi Oikawa.

Akuti chaka chilichonse pa tsikuli amafika pamenepo n'kubwerera. Ngakhale asanasamukire kuno ankakwera sitima. Ndiye kuti munthu amene ndinkamuona pawindo zaka zonsezi n'kumati ndi maso anga, anali iyeyu.

Ndinati, "Uzizira pamenepo. Lowa."

Anavula nsapato, anaziika molunjika bwino. Anafunsa ngati angayatse lubani. Ndinamulowetsa kuchipinda cha kaguwa n'kukoka chitseko, ine n'kubwera kukhitchini kuno kudzateleka madzi.

Papita ola tsopano. Ndikulemba izi patebulo, tiyi wake wazizira kale. Poyamba kunali chete. Kenako anayamba kulankhula motsitsa, mawu sakumveka bwino. Amalankhula pang'ono, n'kusiya. Kusiya kwake si kwa munthu amene akusowa chonena. Ndi kwa munthu amene akumvetsera. Kenako amati "Eya," kapena "Ayi, sizinali choncho," n'kupitiriza.

Posachedwapa waseka. Kuseka kwenikweni, kwa munthu amene mnzake wamunyogodola.

Ndaimirira kawiri, kawiri konse ndafika pachitseko n'kubwerera. Ndatelekanso madzi. Akangowira ndilowa.