Bambo Akuthawa Mkamwini Wawo M'busa

Aphungu,

Ndikukwatiwa mu Juni, koma zinthu sizili bwino. Bambo anga ndi msodzi wa nkhanu kuno ku Buckie, tauni ya m'mbali mwa nyanja, ndipo monga asodzi onse akale, akakumana ndi m'busa wa mpingo popita kudoko amati ndi tsoka ndipo amabwerera, tsiku limenelo boti silinyamuka. Tsono bwenzi langalo, Fergus, ndi m'busa.

Vuto lake ndi kukoma mtima. Pofuna kuti apongozi ake amukonde, anayamba kulawirira kukawadikira padoko ndi tiyi wotentha, kolala yoyera ili mbuu pakhosi. Bambo akangomuona amatembenuka n'kubwerera kukagona. Fergus anayesa kuti akudwala, mawa lake n'kulawirira kwambiri kuti awapempherere!

Lamlungu tinamuitana kudzadya. Mayi atamufunsa za kwawo, anayankha monyadira kuti, "Makolo anga amaweta nkhumba, mayi." Dzina la nyama imeneyo kwathu satchula. Bambo analumpha kuti agwire chitsulo, tsoka lichoke, ndipo chitsulo chapafupi chinali chitseko cha uvuni wamoto. Pano dzanja lili m'bandeji.

Fergus atachoka, bambo anandiuza kuti, "Mwana iwe, anyamata onse ali m'tauni muno, wasankha namondwe wovala kolala? Kuukwatiko ndibwera, bola iyeyo asakhaleko."

Mayi atopa nawo bambowo kuwaona ali khale pakhomo. Fergus sindinamuuze kanthu, manyazi. Onse awiri ndimawakonda. Nditani?

M.B., Buckie

Mwanawe,

Wapalamula ndiwe ndi manyazi akowo. Mwana wa eni akuwononga tiyi m'mawa uliwonse osadziwa kuti iye ndiye malodza amene. Muuze lero. M'busa amamva zoopsa kuposa zimenezi, sakomoka.

Bambo ako usalimbane nawo. Munthu amene malo ake antchito angathe kumumeza tsiku lililonse samusekera mantha ake. Ine ndikuyankhayu sindidutsa pansi pa makwerero, chonsecho ndimagwira ntchito pampando.

Fergus asiye zolawirira. Azipita kudoko madzulo boti likabwerera, atavula kolala, azikanyamula mabokosi a nkhanu mpaka msana umve. Msodzi amakhulupirira mkamwini wonunkha nsomba kusiyana ndi wonunkhira sopo. Za ziweto za kwawo azingoti "zija za mchira wopotana". Bambo uwaikire kiyi wamkulu m'thumba, chitsulo chozizira chizikhala pafupi, dzanja linalo lisapsenso. Ukwati uchitike tsiku limene boti silipita panyanja, ndipo uwauze maso ndi maso kuti ukufuna iwowo akugwire dzanja polowa m'tchalitchi. Adzang'ung'udza, koma suti adzavala.

Koma chenjera. Tsiku limene bambo ako adzagwire nkhanu zodzaza boti atadya ndi Fergus dzulo lake, adzalengeza doko lonse kuti m'busa uyu yekha ndi wamwayi. Kuyambira pamenepo mwamuna wako uzidzachita kumubwereka kwa bambo akowo.

Aphungu