Za Msana wa a Hudson Namwera

KOMITI YOONA ZA UMOYO WA ANTCHITO A M'MUNDA WA TIYI
Loweruka, 14 Juni 1958, m'sukulu ya pakampaundi, pafupi ndi Chitakale

Opezekapo: a Winston Nakhumwa (Wapampando), a Spencer Muhiwa (Mlembi), Mayi Esteri Nampinga, a Pilato Khoromana.
Osabwera: a Yosefe Makhuwira, ali ku Chambe.
Alendo: a Hudson Namwera ndi akazi awo Mayi Eneles; a Chester Mulewa.

1. Wapampando anatsegula ndi pemphero 2 koloko masana. Anati a Hudson, onyamula mabokosi kufakitale, atha miyezi isanu osagwira ntchito, ululu ukutsika kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi. Dokotala akuti kanyama kokhala pakati pa mafupa a msana kanaphulika n'kupsinja mtsempha, ndipo akufuna kuwatumiza ku Salisbury kukachitidwa opaleshoni. Abale awo ku Milonde akukana, ati wong'ambidwa msana sayendanso.

2. A Chester, amene anachitidwa opaleshoni yomweyi ku Joni, anavula malaya. Komiti inawazungulira. Mlembi anayeza chipsera ndi rula: mainchesi anayi.

Mayi Esteri anafunsa chimene anachotsa. A Chester anati kanali koyera, kosaposa nandolo ziwiri, anawaonetsa m'botolo. A Pilato anati kanthu kotero sikangagwetse mwamuna, ndipo mphini zikanakwanira. A Chester anayankha kuti mphini anatemedwa makumi atatu, angathe kuziwerenga poti malaya avula kale. Wapampando analetsa kuwerengako.

Atapemphedwa, a Chester anawerama n'kugwira pansi. Koma anaulula kuti chala chachikulu chakuphazi sichimvabe kanthu, ndipo mnzawo wa bedi loyandikana anatuluka akuyendera ndodo.

3. Mayi Eneles anapempha kufunsa funso lomwe amuna awo akuchita nalo manyazi. A Chester anati chibwerereni abereka ana awiri. Mayiwo anati: "A ku Milonde amangoyankhula. Amene ndimawatembenuza bambowa pamphasa ndine."

A Hudson, amene anaimirira msonkhano wonse poti sangakhale pansi, anati mantha ali nawo, koma apita, bola akazi awo asatulutsidwe m'nyumba ya kampani iwo ali kuchipatala.

Chigamulo: Mlembi alembere Manijala za nyumbayo Lolemba. Ovomera atatu. A Pilato anakana, ndipo anapempha kuti kukana kwawo kulembedwe.

4. Zina ndi zina: A Pilato anafunsa tsiku limene dokotala amaona odwala msana, ati akufunsira munthu wina. Dzina anakana kutchula.

Msonkhano wotsatira: 12 Julayi 1958.

Wapampando anaitanitsa pemphero lotsekera 4 koloko, onse aimirire. Komiti inadikira pang'ono kuti a Pilato adzuke pabenchi.

W. Nakhumwa, Wapampando
S. Muhiwa, Mlembi