Tisingano ta Mayi Kwan ndi Kaphukusi ka ku Mponela

Scarborough, Toronto
Lamulungu, 9 Febuluwale

Okondedwa alamu anga a Bertha,

Ndiyambe ndi moni monga mwa mwambo, ngakhale mtima wanga ukufuna kuyamba ndi zina. Muli bwanji kumeneko ku Mponela? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga ana ndi zidzukulu? Ndamva kuti mvula yagwa bwino chaka chino ndipo chimanga chayamba kumasula. Tithokoze Mulungu.

Ife kuno tilipo, koma osati kwenikweni. Mwana wanu Lindiwe ali bwino, sukulu ikuyenda. Ine ntchito yanga yosambitsa nkhalamba ku nyumba ya okalamba ndikugwirabe. Alongo anu a Jailosi ndiwo sali bwino, ndipo kalata ino ndalemba chifukwa cha iwo.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba papepala ngati kale, pamene timayankhulana pa foni sabata iliyonse. Chifukwa chake ndinu nomwe. Pa foni mukayamba kuyankhula, ine ndimangoti eya alamu, zoona alamu, mpaka foni kuduka. Lero ndikufuna ndiyankhule ine mpaka ndimalize. Lindiwe ajambula mapepalawa n'kutumiza pa foni, ndipo chonde muwerenge nokha, musapatse ana kuti akuwerengereni.

Nkhani ndi iyi. Madokotala aimitsa kemo, mankhwala a khansa aja amawathira a Jailosi m'mitsempha pakatha masabata awiri aliwonse. Anayenera kulandira kakhumi ndi kawiri, koma alandira kasanu ndi kamodzi basi. Akuti chiwindi chawo chatopa. Lachinayi likudzali akawayezanso magazi. Chikapezeka kuti chatsitsimuka, kemo ipitirira. Chikapanda kutero, adokotala anena mosabisa kuti adzachepetsa mphamvu ya mankhwalawo kapena kuwasiyiratu, ndipo khansa ya m'matumbo siidikira munthu.

Mmene tafikira pamenepa ndikufotokozerani kuyambira pachiyambi, chifukwa nanunso mulimo.

Mukudziwa mmene kemo inawazunzira. Nseru usiku ndi usana, fungo la anyezi lokha n'kuthamangira ku bafa. Zala zinachita dzanzi, ndipo akagwira chinthu chozizira amati zili ngati agwira waya wamagetsi. Tsono taganizani, dziko lino nyengo ino chozizira ndi chilichonse, chitseko, makiyi, supuni. Bambo wamkulu kutsegula firiji atavala magolovesi!

Mu Novembala adokotala a khansa, mayi wina wodekha bwino, anatiuza kuti odwala ena amapepukidwa ndi tisingano ta Atchaina. Ananena momveka kuti sitichiza khansa, timangochepetsa nseru, nthawi zina ndi dzanzi lomwe. Anatipatsa dzina la Mayi Kwan, amene ali ndi chilolezo cha boma ndipo amagwira ntchito yake konkuno ku Scarborough, mphindi khumi pa basi.

Alongo anu mukuwadziwa, nkhutukumve weniweni. Anakana pomwepo pamaso pa adokotala. Tili m'galimoto anandilalikira kuchokera ku chipatala mpaka pakhomo. Akuti zimenezo ndi mphini basi, zangovala gawuni loyera. Akuti iwo, mkulu wa mpingo amene anadzudzulapo akhristu chifukwa chotemera, sangakagone chagada kuti munthu awabaye thupi lonse. Ndinawafunsa ngati jakisoni wa ku chipatala amabaya ndi chala. Anandiyankha kuti jakisoni amakhala ndi mankhwala m'kati, koma singano yopanda kanthu ikachiza munthu ndiye kuti pali china chimene chikuigwiritsa ntchito.

Miyezi iwiri yathunthu ndinakhala ndikupukuta masanzi chifukwa cha ulaliki umenewo.

Pakati pa zimenezi m'pamene panafika kaphukusi kanu, kamene munapatsira a Agnes a ku Mississauga pobwerera kuno Khirisimasi isanakwane. Ufa wofiirira uja m'kabotolo ka khofi, mutakulunga m'chitenje ngati mphatso yanga. Mawu amene munanditumizira pa foni ndikadali nawo. Munati kasupuni kamodzi m'phala m'mawa uliwonse, ndipo chizimba chake n'chakuti wodwala asadziwe, akadziwa mankhwala asuluka. Munatinso mkazi wokonda mwamuna wake sakana mankhwala ochokera kwawo kwa mwamunayo.

Ndinathira, alamu. Ine Hilda, amene ku ntchito sindiloledwa kupatsa nkhalamba ngakhale panado popanda nesi kulemba, ndinathira ufa wopanda dzina m'phala la mwamuna wanga kwa masabata asanu ndi awiri. Ndinkachulutsa nsinjiro ndi shuga kuti kuwawa kusamveke. Atadandaula kuti phala likuwawa, ndinati kemo yawasokoneza lilime. Anakhulupirira, poti masiku amenewo ngakhale madzi ankawawa.

Lamulungu lachiwiri la Januwale kunali mgonero ku tchalitchi kwathu ku Brampton. Ndinawaletsa, koma anaumirira kunyamula thireyi ya tikapu ta vinyo monga mwa nthawi zonse. Atafika pa mzere wachiwiri zala zinawakana. Tikapu tonse pansi, vinyo pa bulauzi yoyera ya mayi wina wa kwaya. Ine ndinalakalaka pansi patatseguka.

Madzulo ake abusa athu, a ku Chipata aja, anabwera kudzawazonda. Atamva za tisingano anaseka mpaka kutsamwa. Anati iwo amakabayitsa msana mwezi uliwonse ndipo sanamvepo singano ikubwebweta. Taonani, zimene ine ndinanena miyezi iwiri osamveka, abusa ananena kamodzi, kapu ya tiyi ili m'manja, alongo anu n'kuvomera! Ukwati n'kupirira ndithu.

Mayi Kwan ndi mayi wamfupi, waimvi, wosaseka wamba. Chipinda chake n'chaukhondo ngati cha ku chipatala. Mulibe nsupa kapena mchira wa nyama, ngakhale alongo anu anazifunafuna ndi maso mpaka kuseri kwa chitseko. Asanabaye amayamba wawerenga pepala la magazi, kenako amagwira mitsempha ya pa mikono yonse iwiri n'kuuza wodwala kuti atulutse lilime. Tisingano take n'topyapyala ngati tsitsi. Amatitsegula m'pepala iwe ukuona, ndipo tikatha ntchito amataya.

Pa mashelefu ake pali mabotolo a mizu ndi makungwa ambirimbiri. Koma tsiku loyamba lomwelo anatiuza kuti munthu wa pa kemo samupatsa ngakhale tsamba limodzi popanda adokotala a khansa kuvomera, chifukwa mankhwala awiri osadziwana akakumana m'chiwindi amamenyana. Ndinamva bwinobwino, n'kuyang'ana pansi. M'mawa mwake ndinathiranso.

Atapitako kawiri nseru inachepa. Dzanzi likadalipo, sindinama, koma tsiku lina anadya mpunga wa nyemba mbale yonse n'kupempha wina. Nditakuuzani pa foni munalulutira, munati ufa wayamba kugwira. Ine ndinati eya alamu.

Lachinayi lapitali ndilo linatigwetsa. Adokotala atawerenga zotsatira za magazi anatiuza kuti kemo sapereka. Anafunsa katatu ngati a Jailosi akumwa china chilichonse kupatula za ku chipatala, kaya mizu, kaya tiyi wa masamba, kaya mavitamini. Alongo anu anakwiya. Anati iwo ndi mkhristu, za mizu anasiyana nazo ali mnyamata, ndipo ngati pali cholakwika adokotalawo afufuze za tisingano timene anawatumizako okha. Ine ndili pambali pawo, chikwama pa miyendo. Ndinamva Mayi Kwan, mayi wosalakwa, akunamiziridwa ndipo sindinatsegule pakamwa. Manyazi adapha lambe, alamu, ndipo ine akanandiphera mwamuna.

Lachisanu linali tsiku lawo la tisingano. Anapita ndi mtima wokatsanzika, osati wokabayitsa. Mayi Kwan anawerenga pepala la magazi nthawi yaitali. Anafunsa funso lomwe lija, analandira yankho lomwe lija, kuphatikizapo zakuti mwina ndi tisingano take. Sanakwiye. Anangoti singano siilowa m'chiwindi, n'kuwanyengerera kuti agone kamodzi kotsiriza chifukwa nseru inali itayambanso. Anawabaya m'mikono, m'miyendo ndi kamodzi pamphumi, n'kuwauza kuti asasunthe kwa mphindi makumi awiri.

Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti kunyumba amaphika ndani.

Anati kwawo amayi ake ankathira mizu mu supu ya bambo ake tsiku ndi tsiku, ndipo ukawafunsa ngati bambowo akumwa mankhwala ankakana kwamtuwagalu, ankati ndi supu chabe. Anati pa zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi waphunzira kuti wodwala samufunsa kawiri, amafunsa wophika.

Ndinaulula, alamu. Kabotolo, chitenje, kasupuni, nsinjiro, dzina lanu, zonse. Ndinanena m'Chingelezi kwa Mayi Kwan, kenako m'Chichewa kwa a Jailosi kuti pasatsale kanthu. Mwina ndinasankha dala nthawiyo, poti anali gone chagada ngati nungu, sakanatha kudzuka kapena kundiloza chala. Ndinayembekeza ulaliki wa chaka chonse. Anangoyang'ana kudenga, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo analibe dzanja loipukutira. Nditatenga mpango kuti ndiwapukute anatembenuzira nkhope kukhoma.

Mayi Kwan atazula tisingano anandiuza kuti ndikatenge botololo ndipite nalo ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo anaimbirako yekha foni kuti atiyembekeze. Wa mankhwala wa ku chipatala anatsegula, ananunkhiza, n'kupukusa mutu. Anati ufa woperapera sungadziwike ndi maso, ndipo kuuyeza kumatenga masabata. Adokotala sanandikalipire. Anati n'kutheka kuti chiwindi chatopa ndi kemo yomweyo, n'kuthekanso kuti ndi ufawo, koma atadziwa dzina la mtengo angadziwe chimene akulimbana nacho.

Choncho chizimba chanu ndaswa, wodwala wadziwa, ndipo botolo lili m'kabati ya ku chipatala. Pamenepo sindipepesa.

Mwina mufunsa kuti ngati ndinkadziwa kuopsa kwake ndinathiriranji. Ndikuuzani, ngakhale mukwiye. Ndinathira chifukwa choopa inu. Ndinalipo pa maliro a malemu a Yotamu, mng'ono wawo wa a Jailosi. Ndinaona mmene munamusiyira mkazi wawo Elizabeth yekha kuseri kwa nyumba, anthu akunong'onezana kuti wapha mwamuna wake chifukwa anakana kumutulutsa m'chipatala kupita naye kwa sing'anga. Mpaka lero simumutchula dzina, mumangoti mkazi uja. Ndinaopa kuti tsiku lina ndidzatsika ndege ndi bokosi, inu n'kundifunsa pamaso pa anthu kuti ufa uja ndinauchita chiyani. Ndinaopa pakamwa panu kuposa khansa. Uchitsiru umenewo ndi wanga, sindikusenzetsani.

Sindikunena kuti munafuna kupweteka mlongo wanu. Ndikudziwa kuti ndiye mwini mbumba wanu, ndipo munayenda mtunda wautali ndi mwendo wotupawo kukafuna mankhwalawo. Chikondi chanu sindichikayika ngakhale pang'ono. Koma mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wavumbwa ndi munthu amene tonsefe timati tikumuteteza.

Tsopano pempho langa. Mawa lomwe pitani kwa munthu amene anakupatsani ufawo. Mukamufunse dzina la mtengo, ngati ndi muzu kapena khungwa, ndi china chilichonse chimene anasakanizamo. Ndikudziwa kuti asing'anga saulula mitengo yawo. Mugwadireni. Mumuuze kuti kuno palibe amene angamulande ntchito, mtengo wakewo sungamere n'komwe m'chisanu chino. Akakanitsitsa dzina, akuonetseni tsamba, mujambule. Yankho lindipeze Lachitatu lisanathe. Ndipo botolo lachiwiri limene munati mupatsira munthu wina mu Malichi lisakwere ndege. Likafika pakhomo pano ndikalitaya inu mukuona pa foni.

Mukafuna kuuza abale kuti mkazi wa Jailosi wakana mankhwala a kwawo, auzeni. Auzeninso kuti wanyada ndi Chizungu, kuti wakhulupirira Atchaina kuposa abale. Ndilolera kutukwanidwa, bola mwamuna wanga wondimvera chisoni akhale ali moyo.

Ngakhale za chisonicho sindikudziwa. Kuyambira Lachisanu a Jailosi sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Dzulo m'mawa ndinawaikira phala loyera lopanda kanthu. Anakhala manja ali patebulo, osadya. Ndinafunsa ngati nseru yavutanso. Anangokankhira mbale kwa ine pang'ono, n'kutembenuzira supuni mbali yanga.

Ndinamvetsa. Ndinalawa kaye, monga achitira kwathu munthu wopereka thobwa kwa mlendo wosamudziwa, kenako iwo anadya. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndakhala ndikuwaphikira bambo amenewa, alamu. Lindiwe, wobadwira kuno wosadziwa kanthu, anandifunsa m'Chingelezi chake kuti bwanji ndikudya phala la adadi. Ndinati ndikuyesa shuga. Lero m'mawa zachitikanso, ndipo Lindiwe sanafunse.

Ndilekere pano, dzanja latopa. Mundiperekere moni kwa alamu aamuna, kwa ana onse ndi kwa amayi a ku mpingo amene amatikumbukira. Mukadzadutsa kwa Elizabeth mudzamupatse moni wanga, mudzamuuze kuti ndinachedwa kumumvetsa. Lachinayi nthawi ya 4 koloko madzulo kwanuko tidzakhala tili kwa adokotala. Mutipempherere, pakuti pemphero lokha ndilo mungatumize popanda kuvulaza munthu.

Ambuye akusungeni ndipo achize mwendo wanuwo. A Jailosi sanandiuze kuti ndikupatseni moni, ndipo ine zowanamizira ndasiya.

Ndine mlamu wanu,
Hilda